Chithunzi cha M'sutikesi ya Amayi

1. Chiliza cha a Alfred

Tawonga Longwe sankaidziwa nkhope ya bambo ake. A Alfred Longwe anamwalira iye akadali wamng'ono, asanayambe n'komwe sukulu.

Tsopano anali Folomu 3 pa sekondale yoyendera, kufupi ndi Bandawe. Ankakhala ndi amayi ake, a Edina, pa malo a banja la a Longwe.

A Edina kwawo kunali ku Thyolo. Makolo awo anabwera kudzagwira ntchito ku esiteti ya labala, ndipo a Alfred anawapeza kumeneko. Chitonga ankachimva bwino, koma poyankhula lilime linkawagwira. Choncho achibale a mwamuna wawo ankayankhula nawo Chichewa. Ena ankatero mwachikondi. Ena ankatero powakumbutsa kuti ndi obwera.

Chaka chimenecho banja linagwirizana zomanga chiliza pa manda a malemu. Wotsogolera ntchitoyi anali a Stanley, mng'ono wa a Alfred, amene ankaphika pa loji ina ku Kande.

"Alamu, tikufuna chithunzi cha achimwene," anatero a Stanley Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi. "Tichisindikize pa matisheti. Abale a ku Zambia akubwera, ndipo ana awo sanawaonepo achimwene."

"Chilipo chimodzi chokha," anayankha a Edina. "Koma chinanyowa chaka chija mphepo inasasula denga. Nkhope siikuoneka."

"Tingochiona basi."

"Ayi, alamu. Chisiyeni pamene chili. Ndi chokhacho chimene ndatsala nacho."

Chapafupi panaima a Fainess, mlongo wamkulu wa malemu, amene aliyense ankawatchula kuti a Nyalongwe. Anawayang'ana a Edina kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Chithunzi cha mlongo wanga chizibisidwa kwa ife abale ake?" anafunsa. "Muli chiyani m'sutikesi imeneyo?"

A Edina anamugwira dzanja Tawonga, n'kumapita kwawo.

2. Masamba a Madamu Monica

Lachitatu masana kusukulu kunkakumana kalabu ya kompyuta. Ankaitsogolera Madamu Monica, mphunzitsi wochokera ku Ntcheu. Tsiku limenelo anawasonyeza ophunzira masamba othandiza a pa intaneti.

Panali tsamba lochepetsa kulemera kwa chithunzi kuti chisamadye bandulo potumiza. Panali lina lochotsa zonse za kumbuyo kwa munthu, n'kusiya poyera ngati chithunzi cha pa chiphaso. Lina linali lodulira vidiyo yaitali. Lina linkathandiza kufufuza kumene chithunzi chinayambira, munthu akachikayikira.

Pomaliza anatsegula tsamba lokonza zithunzi zakale. Anaikapo chithunzi cha ukwati wa makolo awo, chothimbirira ndi ukalamba. Posakhalitsa chinatuluka chowala ngati chajambulidwa dzulo. Ophunzira anadzuka m'mipando kuti aone bwino.

Madamu Monica anatseka laputopu.

"Khalani pansi, mumve kaye," anatero. "Masamba awa ndi abwino, n'chifukwa chake ndakuonetsani. Koma musaiwale zimene ndinene pano. Chithunzi cha munthu wina si chanu. Musanachiike pa intaneti, pemphani mwini wake. Ichi ndaikachi ndinawafunsa amayi anga, ndipo anavomera. Komanso tsamba lililonse lili ndi eni ake amene simukuwadziwa. Mukawapatsa chithunzi, simudziwa ngati achifufuta kapena achisunga. Ndiye zimene makina akubwezerani musamangozilandira ndi manja awiri. Ziyang'anitsitseni. Mufunse munthu wodziwa ngati zili zoona. Makina sachita manyazi akalakwa. Manyazi adzagwira inu."

Tawonga anamva mawu oyamba okha. Ena onsewo anamudutsa, chifukwa anali kalikiliki kusunga dzina la tsambalo mu foni yake, foni yakale yong'aluka galasi imene anamusiyira a Stanley.

3. Diso limodzi

Loweruka m'mawa a Edina anapita kukaviika chinangwa. Tawonga anadikira mpaka atazimiririka m'njira, kenaka analowa kuchipinda kwawo n'kukoka sutikesi pansi pa bedi.

Chithunzicho chinali pansi pa zitenje, chokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Panali mwamuna wovala malaya oyera, ataima pambali pa njinga. Kuyambira m'khosi kutsika zonse zinkaoneka. Koma nkhope madzi anaidya. Panatsala tsitsi, khutu, ndi diso limodzi lokha. Kuzungulira disolo panali timadontho ta nkhungu.

Tawonga ananyowetsa kansalu kuti apukute nkhunguyo. Anapukuta kamodzi. Atachotsa kansalu, diso panalibe. Utoto wake unatsalira pa nsalu.

Anakhala pansi. Anayesa kuuzira, anayesa kuchiyanika padzuwa, koma pamalopo panangoyera.

Chithunzicho sanachibwezere. Anachiika m'chikwama chake cha kusukulu, n'kuthamangira ku mtengo wa mango wa m'mbali mwa msewu waukulu, kumene netiweki inkagwira bwino. Anachijambula ndi foni kuyambira pachifuwa kupita kumutu, n'kuchiika pa tsamba lija.

Kagudumu kakang'ono kanazungulira pa galasi. Kenaka nkhope inaoneka.

Anali mwamuna wa khungu losalala, wa timasharubu tochepa ndi maso ofatsa. Ankamwetulira pang'ono, mano ake oyera ali ndondondo.

Tawonga anaiyang'ana nthawi yaitali. Minibasi zinadutsa, makondakitala akuitanira za ku Dwangwa, iye osadzutsa mutu.

"Bambo," anatero chapansipansi.

Anatumiza chithunzicho kwa a Stanley pa Watsapu. Patapita kanthawi yankho linabwera.

"Wachitenga kuti?"

"M'sutikesi ya amayi."

"Si paja amati n'choonongeka?"

Tawonga anayang'ana chikwama chake. Kenaka analemba kuti, "Linali fumbi chabe. Ndangopukuta."

A Stanley anawerenga uthengawo.

4. Pakhonde pa a Nyalongwe

Mawa lake masana a Edina ndi Tawonga anaitanidwa kwa a Nyalongwe. Anapeza a Stanley afika kale. Moni unali waufupi.

A Stanley anatulutsa foni n'kuwapatsa a Edina.

"Alamu, munthu uyu mukumudziwa?"

A Edina anayang'ana. "Ayi."

"Yang'anitsitsani."

"Sindinamuonepo. Ndi ndani?"

"Ndiye ife tikufunsa inu," anatero a Nyalongwe. "Mwana wanu akuti wachipeza m'sutikesi yanu."

A Edina anatembenukira kwa Tawonga. Tawonga anayang'ana zala zake.

A Nyalongwe anakonza duku lawo n'kuyamba kuyankhula, mawu awo osakwera, osatsika.

"Amake Tawonga, ine ndine wamkulu m'mimba mwathu. Alfred ndinamubereka kumsana. Ndinamusambitsa ali khanda, ndinamusambitsanso atagona. Nkhope yake ndingaidziwe ngakhale mumdima. Uyu si mlongo wanga. Pamene munkabwera pamudzi pano, ena ankati munthu wosadziwika kwawo tisamulandire. Ine ndinati ayi, mtima wa Alfred wasankha. Atamwalira, ena anati mubwerere kwanu. Ine ndinati ayi, mwana akulire pa malo a bambo ake. Zaka zonsezi mwakhala mukulima minda ya a Longwe. Tikapempha chithunzi, mumati chinanyowa. Lero tadziwa chifukwa chake. Mumasunga mwamuna wina pansi pa bedi la mlongo wanga."

"Zimenezo si zoona, alamu," anatero a Edina.

"Ngati si zoona, pitani mukatenge chonyowacho tichione."

A Edina ananyamuka mofulumira. Kwawo sikunali kutali. A Stanley ankagudubuza foni m'manja. A Nyalongwe maso awo anali pa Tawonga, osaphethira.

A Edina anabwerera chimanjamanja.

"Mulibe," anatero.

"Ndinadziwa," anayankha a Nyalongwe. Kenaka anatembenukira kwa Tawonga. "Iwe mwana, yankha bwino. Nkhope iyi unaipeza m'sutikesi?"

Chikwama chinali kunyumba, pa msomali kuseri kwa chitseko. Tawonga akanatha kukachitenga. Koma anakumbukira kansalu kaja, ndi malo oyera aja pamene panali diso.

Anagwedeza mutu kuvomera.

A Edina anamuyang'ana ngati akuona mwana wa eni ake.

"Mwamva," anatero a Nyalongwe. "Ndipo pali chinanso chimene chakhala chikundivuta. Chaka chimene mwanayu anabadwa, Alfred anakhalitsa ku Usisya ndi asodzi anzake. Ine sindikunena kanthu. Ndikungokumbukira. Stanley, ntchito ya chiliza iyambe yaima. Nkhaniyi ikafike kwa akuluakulu a banja. Akatiuze ngati anthu awa akhalebe pa malo ano."

"Achemwali, tisathamange," anatero a Stanley. Koma mawu awo analibe mphamvu, ndipo sanawayang'ane a Edina kumaso.

5. Amuna atatu

Atafika kunyumba, a Edina anakhala pa mkeka n'kumuitana mwana wawo.

"Chithunzi changa chili kuti?"

"Ndinabwezera momwemo."

"Nanga mwamuna uja wachokera kuti?"



"Sindikumenya," anatero a Edina. "Koma umve izi. Ine pamudzi pano ndilibe mlongo, ndilibe malume. Chimene chandisunga zaka zonsezi ndi chimodzi: palibe amene anandipezapo ndi bodza. Ndikamadutsa pa mjigo anthu amatha kuseka Chitonga changa, koma khalidwe langa sanalisekepo. Lero dzina limenelo latha, ndipo walithetsa ndiwe. Sindikudziwa ngati wina wakutuma. Sindikudziwa ngati wina wakupatsa chithunzicho kuti tichoke pa malo ano. Ndayamba kukayikira aliyense, ngakhale amene ndimadya nawo. Ngati pali chimene ukudziwa, nena ine ndisanaitanidwe kwa akuluakulu. Ukadzanena pambuyo, anthu adzati ndakuphunzitsa."



Lolemba m'mawa, Tawonga akudutsa pa mjigo popita kusukulu, amayi amene ankatunga madzi anasiya kucheza. Mmodzi anamuyang'anitsitsa kumaso, n'kunong'oneza mnzake. Mnzakeyo nayenso anayang'ana, n'kupukusa mutu.

Tawonga anafika pa mtengo wa mango uja. Mawu a azakhali ake sankamuchoka: uyu si mlongo wanga. Kodi ankanama kuti awathamangitse? Anatulutsa foni n'kuika chithunzi choonongeka chija pa tsamba kachiwiri.

Kagudumu kanazungulira.

Panatuluka mwamuna wina. Uyu analibe masharubu. Anali wa masaya akuluakulu ndi mphuno yophwatalala.

Anayesanso. Panatuluka wachitatu, wamkulupo, wa makwinya pamphumi. Onse atatu anavala malaya oyera omwewo.

Pa nthawi yopuma anawapeza Madamu Monica n'kuwaonetsa. Anawafotokozera zonse, kuyambira pa sutikesi mpaka pakhonde pa a Nyalongwe.

"Chithunzi cha makolo anga chija chinali chongothimbirira," anatero Madamu. "Nkhope zinalipo, makina anangoziwalitsa. Chako pankhope panalibe kanthu. Makina akapeza popanda kanthu sanena kuti sindikudziwa. Amatenga mphuno apa, maso apo, kuchokera pa zithunzi zambirimbiri za anthu ena, n'kuumba munthu watsopano. Bambo ako sanawaonepo."

"Ndiye woyamba uja ndi ndani?"

"Si aliyense. Munthu ameneyo sanabadwepo."

Tawonga anapukuta m'maso ndi kolala ya yunifolomu.

"Madamu, tiyeni mukawauze azakhali. Inu akakumverani."

"Ayi. Ndikapita ine, akati amayi ako apempha mphunzitsi, mnzawo wobwera, kuti awaikire kumbuyo. Bodza linatuluka pakamwa pako. Choonadi chitulukenso pomwepo. Ndipo uyambe ndi amayi ako."

6. Duku la azakhali

Ataweruka anapeza amayi ake akusinja chinangwa chouma. Anatsegula chikwama n'kuwapatsa chithunzi chija.

A Edina anatsamiritsa munsi pa mtondo. Anapukuta manja pa chitenje, n'kuchotsa pulasitiki.

"Diso lija lili kuti?" anafunsa.

"Ndimafuna kuchotsa nkhungu. Ndinapukuta ndi nsalu yonyowa."

A Edina anakhala pansi pomwepo, pa ufa umene unatayikira. Anagwira malo oyerawo ndi chala. Tawonga anafotokoza zonse atagwada, ndipo amayi ake anamvetsera osamuyang'ana.

Atamaliza, a Edina anaimirira.

"Za diso tidzakamba tsiku lina," anatero. "Lero sindingathe. Tiye kwa azakhali ako."

Anawapeza a Nyalongwe akuyankhula ndi a Stanley za simenti imene inali itagulidwa kale. Tawonga anagwada patsogolo pawo. Anawaonetsa chithunzi chenicheni, kenaka amuna atatu a mu foni, n'kuvomera kuti dzulo ananama.

A Stanley anatenga chithunzi cha pepala n'kuchiyandikitsa kumaso.

"Njinga iyi ndi ya achimwene," anatero. "Ndinaphunzirira yomweyi kupalasa."

Koma a Nyalongwe sanasunthe.

"Njinga ndi njinga," anatero. "Dzulo chithunzi kunalibe, lero chapezeka, nkhope itafufutidwa. Dzulo mwamuna anali mmodzi, lero alipo atatu. Mwagona m'nyumba imodzi, mwadzuka ndi nkhani yatsopano. Mukufuna ine ndikhulupirire kuti foni imabereka anthu?"

"Azakhali, tiyeni tiyese inu mukuona," anatero Tawonga. "Sankhani munthu aliyense amene mukumudziwa. Timujambule, tifufute nkhope yake, tione chimene chituluke."

A Nyalongwe anaganiza kaye.

"Jambula ine," anatero. "Ndipo wofufuta akhale Stanley. Iwe foniyo usaigwirenso."

Anakhala chilili, atalimbitsa khosi. Tawonga anawajambula n'kupereka foni kwa a Stanley. Anawalozera pamene angapeze cholembera cha mu foni, ndipo a Stanley anapaka zoyera pankhope yonse ndi chala chawo, kusiya duku ndi bulauzi.

Pakhonde netiweki inakana. Onse anayi anayenda mondondozana mpaka ku mtengo wa mango. A Nyalongwe anali pambuyo penipeni, kuti aone ngati wina anong'oneza mnzake.

A Stanley anaika chithunzicho pa tsamba. Kagudumu kanazungulira, kanaima, kanayambanso. Kenaka a Stanley anatulutsa mpweya n'kuwapatsa foni achemwali awo.

Pa galasi panali mtsikana wa masaya onenepa ndi nsidze zometa bwino. Anavala duku la maluwa ofiira ndi bulauzi yobiriwira.

A Nyalongwe anagwira duku la kumutu kwawo.

"Duku ndi langa," anatero. "Uyu ndi ndani?"

"Kulibe munthu wotere, azakhali. Makina angomupeka."

"Stanley, bwereza."

A Stanley anabwereza. Panatuluka mayi wina wa nkhope yaitali, atavala duku lomwelo.

A Nyalongwe anabweza foni ataigwira ndi nsonga za zala. Anakhala pa muzu wa mango n'kumuitana Tawonga kuti akhale patsogolo pawo.

"Iwe mwana, tamvera. Kale munthu akafuna kukunamizira ankasowa mboni. Ankayenda nyumba ndi nyumba kufuna womuvomereza, ndipo tinkamugwira ali m'njira. Lero mboni mukuyenda nayo m'thumba, ndipo imanena chilichonse chimene mwaipempha. Ine ndinaona chithunzi n'kukhulupirira, chifukwa m'masiku athu chithunzi sichinkanama. Unatsala pang'ono kuthamangitsa amayi ako pamudzi. Ukanavala tisheti ya munthu wosabadwa, n'kumalira pa manda a bambo ako. Ana ako akanadzakula akuloza mlendo kuti ndi agogo awo. Zonsezi chifukwa unaopa kunena kuti ndaononga chinthu. Kuononga aliyense amaononga. Choipa n'kukhala chete wina akusenza mlandu wako. Ndiye ukamafuna kudziwa za bambo ako, uzifunsa ife amene tinadya nawo mbale imodzi, tikadali moyo. Alfred analibe mano a ndondondo ngati a munthu wakoyo. Anali ndi mpata kutsogoloku, ankalizira muluzu pamenepo. Khutu lakumanzere linang'ambika ndi mbedza ali mnyamata. Sanali wokongola. Akaseka, nkhuku zinkathawa."

A Stanley anaseka pang'ono. A Edina anatembenukira kumsewu, akupukuta m'maso.

A Nyalongwe anagwira chibwano cha Tawonga n'kumutembenuzira kudzuwa.

"Mphumi iyi ndi yake," anatero. "Ndinaiona tsiku lomwe unabadwa. Dzulo ndinayankhula ndi mkwiyo."

Kenaka anadzutsa maso kwa a Edina.

"Alamu, ndinapitirira malire. Za ku Usisya zija sindinayenera kuzinena."

"Ndamva," anayankha a Edina. "Koma munazinena pakhonde, ndipo zafika kale pa mjigo. Mukazichotsenso komweko."



"Mawa m'mawa ndikatunga nawo madzi," anatero a Nyalongwe.

7. Wa m'minibasi

Akukonzeka kubwerera, foni ya a Stanley inalira m'thumba. Nambala inali yachilendo. Anayankha, anamvetsera, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Dikirani kaye," anatero. Anakweza mawu a foniyo kuti onse amve. "Bwerezani zimene mwanenazo."

Mawu anali a mnyamata, aulemu kwambiri. Kumbuyo kwake kunkamveka injini ndi nyimbo.

"Ndati dzina langa ndine Andrew. Ndaona chidziwitso cha chiliza pa Fesibuku, pali nambala yanu. Bambo amene ali pachithunzipo ndi bambo anga. Amayi anandiuza kuti anali a ku Nkhata Bay, koma sindinkadziwa mudzi wake. Nkhope imeneyo ndikuidziwa bwino. Timasharubu timeneto sindingatiiwale."

A Stanley anatseka foniyo ndi chikhatho.

"Chidziwitso chiti?" anafunsa a Nyalongwe.

"Ndi Brian, mwana wanga wa ku koleji ku Mzuzu," ananong'ona a Stanley. "Ndiye ndinamupempha kuti akonze matisheti. Chithunzi chitangofika Loweruka ndinamutumizira ndili pamoto ndikuphika ku loji, ndisanachiyang'ane bwino. Ndinaiwala kumuletsa. Ayenera kuti wachiika pa intaneti."

Onse anayang'ana Tawonga. Iye anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Akunama," anatero motsitsa mawu. "Munthu uja sanakhalepo ndi moyo. Sangakhale ndi mwana."

A Stanley anachotsa chikhatho.

"Achimwene, mwina mwasokoneza. Tiyeni tidzakambirane tsiku lina."

"Musavutike, bambo aang'ono," anayankha mawu aja. "Zonse tikambirana pamaso. Ndamva kuti bambo anasiya minda, komanso kamchemwali kanga kamene kali pa sekondale. Tawonga, eti?"

A Edina anamukokera mwana wawo kumbuyo kwawo.

"Dzina la mwanayu mwalidziwa bwanji?" anafunsa a Stanley.

Mnyamatayo anaseka mofatsa.

"Ndikuuzani ndikafika. Ndili m'minibasi, tangodutsa pa Tukombo. Kondakitala akuti anditsitsa pa mtengo wa mango."